Nsalu ya ulere ndi khasu la Mlowoka

Pa msika wa Uliwa pali mkulu wina wogulitsa zitenje, amene kwa zaka zambiri wakhala akuoloka Songwe kukapikula katundu ku Kyela, munthu wosadziwa kuchotserako mnzake ngakhale kwacha imodzi; koma sabata yathayi, mayi wina atafunsa mtengo, ndinamva ndi makutu angawa mkuluyo akuti, "Tengani mayi, ndalamazo sungani, mudzangondikumbuka nthawi ikakwana." Mtima wanga unawawa, pakuti tonse tidziwa kuti wamalonda akayamba kukana ndalama, maso ake aona mpando wa uphungu, ndipo akuluakulu sananame pamene anati kupatsa n'kuika.

Sindinena kuti wogulitsa nsalu sayenera kutsogolera anthu, iai, chifukwa dziko lino la kumpoto linaona kale nsalu ikubala ufumu. Kodi si pagombe la Chilumba pomwepa, pamene lero paima sitima ya Ilala, pamene Mlowoka ndi anzake anakocheza chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, atasenza nsalu, mikanda ndi makasu, nakwera mapiri kunka ku Nkhamanga kukafuna minyanga ya njovu? Munthuyo sanadze ndi nkhondo. Anaveka mafumu nsalu kumutu, nakwatira m'mabanja a eni nthaka, ndipo mwana wake Gonapamuhanya anakhala chiyambi cha ufumu wa Chikulamayembe, umene unagwa m'masiku a Angoni, nudzukanso mu 1907, ndipo kufikira lero anthu asonkhana ku Bolero chaka ndi chaka kuukumbukira. Inde, Mlowoka anagula minyanga motchipa kwa anthu osadziwa mtengo wake kutsidya la nyanja, ndipo icho sitibisa. Koma pamodzi ndi nsalu anasiya khasu m'manja mwa mlimi, ndipo nsalu ija itang'ambika khasu linapitiriza kudyetsa ana.

Tikumbukenso Mlozi, wamalonda mnzake wa nsalu ndi minyanga, amene anakhala pakati pa Ankhonde monga mlendo waulemu, koma atakhuta chuma anamanga malinga ku Mpata, natentha midzi mu 1887, nagulitsa anthu, kufikira ananyongedwa mu 1895. Onse awiri analowa ndi nsalu paphewa. Chimene chinawasiyanitsa ndicho chimene anatsatiza pambuyo pa nsaluyo.

Tsono amalonda a masiku anowa atsatiza chiyani? Kuyambira nthawi ya Kamuzu, pamene mbumba inavina itavala nkhope yake, chipani chilichonse chadza ndi mtundu wake, chachikasu, chobiriwira, chofiira, ndipo amayi athu a ku Hara aweramira mpunga m'matope atamanga m'chiuno nkhope za anthu amene sanabwerenso kudzafunsa ngati ngalande zamadzi zili bwino. Apa ndipo pagona dandaulo langa lakale, limene sinditopa nalo. Boma la Karonga lilima thonje, koma thonjelo lichoka lili loyera, ndipo chitenje tikachigula kwa eni ake kutsidya la Songwe. Fakitale ya David Whitehead ku Blantyre, imene inaveka dziko lonse kuyambira m'ma 1960, inagulitsidwa mu 2003, ndipo sindinamve wamalonda ndi mmodzi yemwe wofuna mavoti athu akulongosola pamsonkhano mmene mlimi wa thonje angapezere mtengo wabwino, kapena mmene telala wa pakhonde la sitolo angasokere mayunifolomu a sukulu ndi nsalu yoombedwa kwathu. Amalondawo ndiwo adziwa njira ya nsalu koposa ife tonse, msonkho wake, phindu lake ndi pamene ndalama itayikira; nanga nzeru imeneyo aibisiranji, natipatsa mamita awiri okha?

Esau anagulitsa ukulu wake ndi mbale ya mphodza, nalira pambuyo pake misozi yosabweza kanthu, ndipo inu abale anga mudziwa kuti zaka zisanu za phungu n'zazitali kuposa moyo wa chitenje. Chifukwa chake wamalonda aliyense wofuna kutiimira ku Nyumba ya Malamulo agulitse nsalu yake pamtengo wake monga kale, ife tidzagula ndi thukuta lathu. Koma akafuna voti, adze poyera pamaso pa mafumu ndi alimi, atiuze za thonje, za madzi a m'minda ndi za msika wa mpunga, ndipo tidzamuyesa ndi mayankho akewo.