Foni Yolembedwa "100x" Sinathetse Ntchito ya Lenzi

Uthenga wina ukuzungulira pa WhatsApp kuno ku Marávia, wonena kuti ojambula onyamula malenzi aatali akungodzitopetsa, popeza foni yolembedwa "100x" imakoka zakutali kuposa kamera iliyonse. Ife tikukana, ndipo mnyamata wa ku Chipera asagulitse mbuzi zake chifukwa cha nambala imeneyi.

Titenge Samsung Galaxy S23 Ultra ya mu 2023. Galasi lake lokoka kutali kwambiri limafika pa 10x basi. Kupitirira apo, foni imadula kachigawo ka chithunzi n'kukakulitsa, ndipo pamene pasowa kanthu pulogalamu imadzazapo zongoyerekeza. Mu Malichi chaka chomwecho, anthu atadandaula za zithunzi za mwezi, kampaniyo inafotokoza poyera kuti foni ikazindikira kuti mukujambula mwezi, pulogalamu imakometsa maonekedwe ake. Nkhope ya mwezi ndi imodzi, makina anaiphunzira kale. Nanga njovu yolowa m'munda wa chimanga, imene mukufuna kukaonetsa akuluakulu ku Fingoè, makina aidziwira kuti? Khutu long'ambika, lomwe likanaisiyanitsa ndi zinzake, limatuluka lofafanizika.

Nkhani ya fokasi uthengawo sukuitchula n'komwe. Lozetsani foni kwa mvuu yobisala m'bango pa nyanja ya Cahora Bassa: kawirikawiri imagwira bango lakutsogolo, mvuuyo n'kutsala mbuu. Makamera ngati Canon EOS R5, yomwe inatuluka mu 2020, amafunafuna diso la nyama n'kulitsatira ikamayenda.

Lenzi yaitali nayo ili ndi malire ake. Sigma ya 150-600mm ikakokedwa mpaka kumapeto imatseguka pa f/6.3 yokha, ndiye kukayamba kachisisira fokasi imasakasaka. Mukaigwira pamanja, liwiro la shata lisachepere 1/600 ya sekondi, apo ayi kunjenjemera kwa dzanja kukhoza kuwononga zonse. Ndipo masana a Okutobala, mpweya wotentha ukamavina pamwamba pa nthaka, ngakhale lenzi yodula bwanji imabweretsa chithunzi chosungunuka. Ambiri amaimba mlandu galasi pamene wolakwa ndi dzuwa.

Ofuna kuyerekeza achite m'mamawa. Aime malo amodzi, foni ndi kamera azitsamiritse pa chinthu cholimba, ajambule dzina lolembedwa pa bwato lakutali, kenako akulitse zithunzi zonse ziwiri pa kompyuta, aone pomwe zilembo zikuwerengeka.