DStv yapita m'manja mwa kampani ya ku France: kodi mlimi wa ku Chifunde zikumukhudza bwanji?

Kuyambira mwezi wa Seputembala chaka cha 2025, kampani ya MultiChoice ya ku South Africa, yomwe ndi mwini wake wa DStv, GOtv ndi SuperSport, ili m'manja mwa kampani ya Canal+ ya ku France. Nkhaniyi idakambidwa ku Paris ndi ku Johannesburg, koma zotsatira zake zifika mpaka ku Mualadzi, ku Nsadzo ndi pachipata cha Cassacatiza, komwe madishi ali pamadenga a nyumba, a magolosale ndi a malo oonetsera mpira.

Canal+ idayamba kuulutsa ku France m'chaka cha 1984 ngati wailesi ya kanema yolipira. Kwa zaka zambiri yakhala ikugulitsa makanema m'maiko a mu Africa olankhula Chifalansa, pamene MultiChoice idagwira msika wa maiko olankhula Chingelezi ndi Chipwitikizi. Tsopano misika iwiriyo ili pansi pa mwini mmodzi, ndipo olipira ake onse ndi oposa 40 miliyoni m'maiko pafupifupi 70. MultiChoice idagulidwa zinthu zisakuyiyendera bwino: m'chaka chothera mu Malichi 2025 idataya makasitomala 1.2 miliyoni, n'kutsala ndi 14.5 miliyoni. Ambiri adasiya chifukwa cha kukwera mtengo kwa zinthu, ena adasamukira pa intaneti.

Wogula bizinesi yomwe ikutaya anthu ali ndi njira ziwiri. Angathe kutsitsa mitengo kuti amene adathawa abwerere, kapena kudula zina zomwe amaonetsa n'kufinya amene atsala. Njira yomwe asankhe ndi imene idzaoneke m'thumba la mlimi.

Chimene chimakweza mtengo wa kanema wolipira ndi mpira. Chilolezo choonetsa Premier League ya ku England kapena UEFA Champions League chimagulidwa ndi ndalama zakunja, pamene wolipira amapereka metikali kapena kwacha. Ndalama ya dziko ikagwa, kampani imakweza mtengo kuti ipeze madola omwewo. Abale athu a ku Malawi adaziona zimenezi mu 2023. Bungwe la MACRA lidatenga chiletso kukhoti kuti mitengo ya DStv isakwere, ndipo mu Ogasiti chaka chimenecho MultiChoice idalengeza kuti ikusiya kuulutsa DStv m'dzikomo. Anthu omwe adagula madishi ndi madekoda ndi ndalama zawo adakhala ndi zipangizo zopanda ntchito mpaka mu Disembala, pamene DStv idabwerera khoti litagamula mlanduwo. Phunziro lake ndi lakuti dekoda ndi yanu, koma zomwe zimadutsamo ndi za mwini kampani.

Kuno ku Moçambique metikali yakhala pa mtengo wa pafupifupi 64 pa dola imodzi kuyambira 2021, ndiye mitengo sidalumphe ngati kwa anansi athu. Komabe ife a m'malire timakhala m'misika iwiri. Ambiri amagulitsa chimanga, soya kapena mbuzi kwa ogula a ku Zambia, n'kugula katundu ku Katete kapena ku Chipata. Dekoda yogulidwa kutsidya imalembetsedwa kutsidya, imalipiridwa ndi kwacha, ndipo matchanelo a dziko omwe imabwera nawo ndi a ku Zambia. Ikavuta, wokudandaulirani ali kutsidya komweko. Bungwe la INCM, lomwe limayang'anira zofalitsa mauthenga m'dziko lino, silingakuimireni pa mgwirizano umene mudapanga m'dziko lina.

Nanga kanema wa boma ali pati? Maiko a mu Africa adagwirizana ku Geneva mu 2006 kuti pofika pa 17 Juni 2015 akhale atasiya kuulutsa mwachikale n'kuyamba njira ya dijito. Moçambique idachedwa. Ntchitoyi idagwiridwa ndi kampani ya StarTimes ya ku China ndi ngongole ya madola 156 miliyoni yochokera ku banki ya Exim ya dzikolo, ndipo makina akale adazimitsidwa mu 2021. Milongoti yatsopano imayendetsedwa ndi kampani ya TMT, ndipo ilipo 60 m'dziko la maboma oposa 150. Mafunde a mlongoti safika patali, ndipo mapiri amawatchinga. Ichi ndicho chifukwa chake midzi yakutali ndi matauni imadalira dishi, ndipo dishi nthawi zambiri imabwera ndi bilu ya mwezi ndi mwezi. Zotsatira zake ndi zopweteka: munthu wa mumzinda wa Tete amaonera TVM mosavuta, pamene mlimi wa kumudzi, amene ndalama amaziona kamodzi pachaka akagulitsa fodya, ndiye afunika kulipira zambiri kuti aone nkhani za dziko lake lomwe.

Wina anganene kuti kanema ndi zosangalatsa chabe, ndipo amene alibe ndalama angokhala. Mawuwo ali ndi mbali yoona, chifukwa palibe amene adafa ndi njala chifukwa chosaonera mpira. Koma kanema amanyamulanso zina. Namondwe Ana atawomba chigawo cha Tete mu Januwale 2022 n'kugumula mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè, machenjezo a INAM ndi INGD anali nkhani ya moyo ndi imfa. Malangizo a mvula, a ntchemberezandonda ndi a katemera wa ziweto ndi ofunikanso chimodzimodzi. Mudzi umene umaona matchanelo a kunja okha umadziwa zigoli za ku London, koma za mtsinje umene uli kuseri kwa munda sudziwa. Mpaka lero wailesi ndiyo imatseka mpata umenewu, chifukwa imalankhula chinenero chathu ndipo sifuna bilu.

Mpikisano ulipo ndithu. Kupatula DStv ndi GOtv, m'dziko lino muli ZAP ndi StarTimes, ndipo mwini watsopano akakweza mitengo mopyola, anthu ali ndi kothawira. Koma kusintha kampani kumafuna dekoda ina, nthawi zinanso dishi ina, ndiye ufulu wosankhawo umafuna ndalama.

Choncho, inu amene mukuganiza zogula kanema mukakolola, funsani mafunso musanatulutse ndalama. Kodi dekodayi idalembetsedwa m'dziko liti? Mwezi ukatha osalipira, ndi matchanelo ati amene amatsala, ndipo TVM ili pomwepo? Kodi mungalipire pa M-Pesa kapena e-Mola, kapena mudzafunika ulendo? Nanga sola ndi batire yanu zingakwanitse kuyatsa kanema ndi dekoda usiku wonse? Werengerani ndalama za miyezi 12, osati za tsiku logula lokha, kenako muziyerekeze ndi mtengo wa thumba la feteleza.

Kwa akuluakulu a boma ndi aphungu a chigawo chino, funso ndi limodzi. Ngongole ya dijito ikubwezedwa ndi misonkho ya aliyense, kuphatikizapo mlimi wa ku Chifunde. Ndi liti pamene matchanelo a dziko lino adzafike m'mudzi uliwonse wa m'malire popanda bilu ya pamwezi?