Pangano la ku Utrecht ndi Malire Athu a pa Ruo

Munthu wochokera pa Boma la Mulanje akafika pa Muloza amaimitsidwa kuti aonetse zikalata, chonsecho kutsidya, ku Milange, kuli abale ake olankhula chinenero chimodzi ndi iye. Malire amenewa anabadwa m'pangano la Azungu, ndipo mapangano otere ali ndi mbiri yoyenera kuidziwa.

M'chaka cha 1700 Charles II, mfumu ya dziko la Spain, anamwalira wopanda mwana. Mafumu a ku Ulaya analimbirana ufumuwo zaka zoposa khumi, kufikira anapangana za mtendere mumzinda wa Utrecht m'chaka cha 1713. Philip V anakhalabe pa mpando, koma Angelezi anapatsidwa Gibraltar pamodzi ndi chilolezo chogulitsa akapolo 4,800 a mu Africa chaka ndi chaka kumaiko a Spain ku America. Akapolowo sanafunsidwe kanthu. Gibraltar ali m'manja mwa Angelezi kufikira lero lino.

Kwathu kuno zinayendanso chimodzimodzi. M'chaka cha 1889 asilikali a Serpa Pinto anamenyana ndi Amakololo m'chigwa cha Shire, ndipo Angelezi anaopseza Apwitikizi kuti achoke. Mkanganowo unatha pa 11 June 1891 ku Lisbon, pamene anagwirizana kuti mitsinje ya Ruo ndi Muloza ikhale malire. Panalibe mfumu ya Amang'anja kapena ya Ayao pa bwalo limenelo.

Kodi tsono malire oikidwa mosatifunsa tiwakane? Iai. Mu July 1964, mwezi umene Malawi analandira ufulu wodzilamulira, atsogoleri a maiko a mu Africa anagwirizana ku Cairo kuti malire amene anawapeza awalemekeze. Anachita mwanzeru, pakuti kusuntha malire pamalo amodzi ndiko kuutsa milandu ponseponse, ndipo njovu zikamenyana wovutika ndi udzu.

Komabe kulemekeza malire sindiko kukana mbale. Alomwe anaoloka mitsinje yomweyi nadzagwira ntchito m'minda ya tiyi. Pa nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha ndi pangano la ku Rome mu 1992, anthu othawa analandiridwa m'midzi ya ku Mulanje. Chomwecho tiyeni tisunge malamulo a pa chipata, ndipo ogwira ntchito pamenepo asazunze mayi wopita ku maliro kutsidya. Pangano linagawa nthaka yokha. Chibale ndi fupa, sichiola.