Phunziro la ku Katete pa kasankhidwe ka olandira thandizo

KATETE: Pamene mudzi wonse ukulira ndi umphawi, thandizo la ndalama liyenera kupita kwa yani? Boma la Zambia linayamba layesa njira zingapo lisanafalitse ndondomeko ya Social Cash Transfer m'dziko lonse.

Ku Kalomo mu 2003, makomiti a m'midzi ankasankha mabanja 10 mwa 100 alionse, osaukitsitsa komanso opanda munthu wotha kugwira ntchito. Koma kumene anthu amasiyana pang'ono pa umphawi, wosiyidwa amaganiza kuti pali kukondera.

Mu 2007, m'madera ena a Katete anayesa njira ina: aliyense wa zaka 60 kapena kuposerapo ankalandira, osafunsidwa za chuma chake. Zaka sizivuta kutsimikiza ngati umphawi, ndipo agogo ambiri ankalera ana amasiye chifukwa cha Edzi. Komabe banja losauka lopanda wokalamba linkatsalira.

Njira yachitatu inayesedwa mu 2010 ku Kaputa, Kalabo ndi Shang'ombo, yothandiza mabanja a ana osakwana zaka zisanu. Kafukufuku anaonetsa kuti mabanjawo anayamba kudya bwino ndi kuonjezera ziweto.

Boma linakulitsa ndondomekoyi mu 2014, ndipo pofika 2023 inkafikira mabanja oposa miliyoni imodzi.

Phunziro lake n'lakuti lamulo losankhira olandira lisathere mu ofesi ku Lusaka. Liyambe layesedwa m'midzi, ndipo opanga ndondomeko amve maganizo a osiyidwa, osati a olandira okha.