Timano ta pa Mapiko a Ndeke

Pa mabwalo a dothi, monga la Jeki kumadzulo kwa boma la Luangwa, pamatera ndeke zazing'ono. Pamwamba pa mapiko a zina mwa izo pali mzere wa tizitsulo toimirira ngati mano a sowo, tosapitirira cikhadabo kutalika kwace. Pa Cingelezi dzina lace ndi vortex generators, ndipo anayamba kutiyesa ku America m'caka ca 1947.

Ndeke imakhala m'mlengalenga cifukwa ca mphepo yoyenda mokhudza msana wa phiko. Koma woyendetsa akakweza mphuno ya ndeke mopitirira muyeso, kotero kuti phiko lapendekera ku mphepo pafupifupi madigiri 15 kapena kuposa, mphepoyo imalekana ndi phiko nibalalika. Pamenepo phiko limaleka kunyamula, ndipo ndeke imagwa camutu ngakhale injini ikulira bwino lomwe. Ngoziyi, imene oyendetsa amati stall, imakonda kucitika ponyamuka ndi potera, pamene liwiro lacepa ndipo nthaka ili pafupi.

Asodzi a ku Katondwe amadziwa m'mene madzi a Luangwa amazungulirira kuseri kwa mwala. Timano timeneti timacita zomwezo ndi mphepo. Kalikonse kamautsa kamvuluvulu wocepa amene amakokera pansi mphepo yaliwiro ya pamwamba, nailimbitsa ija yotopa yokwawa pa phiko, kuti isalekane nalo msanga. Motero ndeke ikhoza kuuluka pang'onopang'ono koposa kale osagwa, ndi kutera pa bwalo lalifupi. Zipsepse za kunsonga kwa mapiko, zimene zimapendeketsa ndeke pokhota, nazonso zimamverabe dzanja la woyendetsa kufikira pafupi ndi ngoziyo.

Komabe timanoti timangokankhira ngozi patsogolo, sitiicotsa ai. Pa ndeke zina imadza mwadzidzidzi koposa, popeza zizindikiro zocenjeza zimacedwa kuoneka. Ndiponso sitingapeputse katundu kapena kuziziritsa dzuwa. Kufupi ndi Feira, pamene Luangwa amathira mu Zambezi, ndiye malo otsika koposa m'Zambia yense, ndipo m'mwezi wa October cigwa cimatentha koopsa. Mpweya wotentha ndi wopepuka, cotero ndeke imafuna kuthamanga mtunda wautali isananyamuke. Ikalemedwa, liwiro limene imagwerapo limakweranso.

Kuyambira 1965, pamene bungwe la Zambia Flying Doctor Service linayamba nchito ku Ndola, ndeke zazing'ono zakhala zikufikitsa madokotala ku midzi yakutali ndi kunyamula odwala. Tsono woyendetsa akakana thumba la ufa, kapena akalola mbale mmodzi yekha kuperekeza wodwala, abale asamuyese wouma mtima. Iye wawerengera kulemera, kutentha ndi utali wa bwalo. Makolo nawonso aletse ana kugwiragwira mapiko, pakuti timano tambiri tikathyoka ku phiko limodzi, phikolo likhoza kuyamba kugwa linzace likali kunyamula.