Tisamangotumiza mankhwala a BP, tiziyezetsanso impso za agogo

Amayi anga, a zaka 71, anadzacheza nafe kuno ku Lavington, ku Nairobi. M'kachikwama kawo munali enalapril ndi hydrochlorothiazide, mankhwala a BP omwe amwa kwa zaka zisanu, komanso Brufen wa mawondo amene ndinkawagulira ndine. Dokotala atawayeza magazi anapeza kuti impso zawo zafooka. Atawafunsa kuti anayezetsa liti magazi komaliza, amayi anati, "Aaa, amangondiyeza pamkono basi."

Ine ntchito yanga ndi ya makompyuta, ndipo sindinkadziwa kuti mankhwala atatuwa sagwirizana. Hydrochlorothiazide amachepetsa madzi m'thupi. Enalapril amachepetsa mphamvu imene magazi amasefedwera mu impso. Brufen, monganso diclofenac, amachepetsa magazi olowa mu impsomo. Kwa munthu wachikulire, atatuwa akakumana impso zimatha kuvulala, makamaka akatsekula m'mimba kapena kusanza.

Wina anganene kuti agogo angosiya mankhwala a BP. Ayi. BP yosasamalidwa ndiyo imawononga impso kwambiri, mwakachetechete, ndipo imabweretsa sitiroko. Enalapril amatetezanso impso akamamwedwa moyang'aniridwa. Chofunika ndi kuyeza creatinine ndi potaziyamu m'magazi pakatha sabata imodzi kapena ziwiri chiyambireni mankhwalawa, kenako kamodzi pachaka ngakhale munthu akupeza bwino.

Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti ku Malawi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 ali ndi BP yokwera. Impso zikasiyiratu kugwira ntchito, odwala amadalira makina osefa magazi a ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kangapo sabata iliyonse. Agogo a ku Ntchisi angakwanitse ulendo umenewo?

Inu achinyamata amene mwakulira kunja kuno, ndinu amene mumacheza ndi agogo pa WhatsApp. Mukawapatsa moni Lamlungu likubwerali, apempheni mwaulemu kuti wina ajambule mapaketi onse a mankhwala omwe amamwa, ngakhale a pagolosale ndi azitsamba. Afunseni kuti anayezetsa liti impso. Kenako kambiranani ndi makolo anu kuti pa ndalama za mwezi uno pakhale ya kuyezetsa magazi ndi ya minibasi.

Amayi anga tsopano amamwa panado mawondo akavuta, monga anawauzira dokotala, ndipo m'buku lawo lakuchipatala mwalembedwa tsiku lokayezetsanso.