ZA UMOYO M'BANJA: Nthenda Yocokera kwa Makolo Aŵiri

Kuno ku George, mwana akamatupa manja ndi mapazi, maso acikasu, mafupa kuŵaŵa usiku wonse, timafulumira kuloza cala. Ena amati ndi ufiti, ena amati nthendayo inabwera ndi mkazi. Maukwati ena atha motero.

Komatu nthenda ya sickle cell mwana amaitenga kwa makolo onse aŵiri. Bambo ndi mai angakhale athanzi, koma aliyense ali ndi mbeu imodzi ya nthendayi m'thupi mwake. Zikatero, pa mimba iriyonse pali mpata umodzi mwa inai wakuti mwana alandire mbeu zonse ziŵiri. Maselo ofiira a m'magazi ake amapindika ngati cikwakwa natseka timitsempha. Ululu uja ucokera pamenepo.

Akatswiri sanagone. Mu 2020 Jennifer Doudna ndi Emmanuelle Charpentier analandira mphoto ya Nobel cifukwa ca CRISPR, njira yodulira DNA, cosungira mbeuzo, pamalo penipeni pofunika. Mu 2023 Britain ndi America anavomereza cithandizo ca Casgevy: amatenga maselo opanga magazi a wodwala, naŵakonza, naŵabwezera m'thupi. Mtengo wake ku America unali madola 2.2 miliyoni pa munthu mmodzi.

Ndalama zotere ife tiribe, koma UTH siri kutali. Tipite nao ana kukapimitsa msanga, ndipo tifunse adokotala za mankhwala a hydroxyurea, amene amacepetsa ululu. Otomerana nawonso apimitse magazi asanalembetse ukwati, kuti aloŵe m'banja akudziŵa. Ndipo ife apongozi tileke kuimba mlandu mwana wa eni: mbeu inayo inacokera kwathu.